Chaka Chodzutsa Ndalama Zogona

Anthu a ku Mposa chaka chimenechija amachitchula kuti cha chimanga chachikasu. Ine ndimachikumbukira bokosi lachitsulo limene ndinkakhalira m'galimoto ya banki, chifukwa miyezi yonseyo mtima wanga unali m'bokosimo. Ndinali kalaliki wa banki ku Balaka. Lolemba tinkapita kwa Kalembo, Lachinayi pa boma la Machinga. Tinkaima pansi pa mtengo, n'kutsegula kazenera ka galimoto, anthu n'kumasungitsa kapena kutapa ndalama zawo. Tinkayenda atatu: ine, dalaivala, ndi wapolisi wa mfuti, a Sajeni Banda a ku Dowa.

Kwathu n'kwa Kalembo, koma ndinakwatira ku Mposa, ndipo nyumba yanga inali m'mudzi wa mkazi wanga Asiyatu. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiye ndinafuna kuti pamudzipo andidziwe ndi kanthu. Ndinayenda khomo ndi khomo kuuza abale a mkazi wanga kuti atulutse ndalama m'zitini ndi m'nsungwi za denga, chiswe chingawadyere thukuta. Paliponse mawu anga anali amodzi: "Tsiku limene mudzazifune, mudzazipeza." Womaliza kundimvera anali Che Amidu, mjomba wa Asiyatu, ndiye kuti malume ake, mwini mbumba yonseyo, amene anali ndi ndalama zogwirira ku migodi ya ku Joni. Iwo atasungitsa, mudzi wonse unayamba kunditchula kuti a Banki. Dzinalo linkandikoma, sindinama.

Novembala

Chimanga cha chaka chapitacho chinapsera m'munda chisanamasule, ndipo pofika Novembala nkhokwe zambiri zinali zitasanduka zogonamo nkhuku. Mvula yoyamba inagwa yamatalala, n'kusowanso. Asiyatu anabzala mbewu yopempha, ikumera, dzuwa likuiwamba. Anabzalanso kachiwiri. Loweruka lililonse ndikafika pa njinga ndinkamupeza akuyang'ana kumwamba ngati wataya kanthu kumeneko.

Ku ofesi bwana wathu, a Mwale, sankayang'ana kumwamba. Iwo ankayang'ana milu iwiri ya ndalama za anthu. Mulu wina tinkautcha ndalama zoyenda, zija za m'kabuku zimene munthu amatapa tsiku lililonse wafuna. Mulu wina unali wa ndalama zogona. Izi munthu ankazigoneka miyezi khumi ndi iwiri, chiwongoladzanja chake chinali chonona, koma ukazidzutsa nthawi isanakwane chiwongoladzanja chonsecho chinkapita, iwe n'kungotenga zimene unaika. Pondilongedzera bokosi, a Mwale ankawerengera zoyenda zokha.

"Zogona musamaziganizire, a Likoswe," ankandiuza choncho. "Ndani angataye phindu la chaka chathunthu? Chilango chimenecho ndiye loko wathu."

Ankakondwa kwambiri ndi ulendo wa ku Machinga, poti kumeneko anthu ambiri anasankha zogona. Che Amidu nawonso zawo anazigoneka. Ine ndinkayesa kuti ndi luso la pakamwa panga.

Disembala

Mvula inakhazikika, chimanga chinadzuka, koma m'mimba munalibe kanthu. Mbale ya chimanga pa msika wa pa boma inkakwera mtengo pakati pa Lachinayi ndi Lachinayi linzake. Ku depoti ya boma chimanga chotchipa chinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo achinyamata a chipani ankayamba aona khadi munthu asanalowe pa mzere. Chachikasu cha thandizo chitafika, mphekesera inafika nacho, yoti chimafooketsa amuna. Amunawo anadya ndithu, mphekesera ili pakamwa. Ena anapita ku maganyu, ena ku dambo la Chilwa kukazula nyika, timizu ta m'madzi tija, ana n'kumaphikiridwa mango osapsa.

Mawu akuti njala sankatchulidwa pagulu. Pa wailesi ankati m'dziko muno aliyense ndi wokhuta, ndiye wonena za njala ankaoneka ngati akutsutsa boma. Pa zenera langa anthu anapeza njira yawo. Njalayo ankaitchula m'Chiyao, "Sala, a Banki, sala." A Sajeni Banda, amene Chiyao sankachimva, ankayesa kuti anthuwo akukamba za swala, mapemphero aja, ndipo tsiku lina anandiyamikira kuti anthu a kuno ndi opemphera.

Mwezi womwewo likulu linakweza chiwongoladzanja cha ndalama zogona, n'kutitumizira chikalata chomata pa galimoto. Ndinayesa kuti a Mwale akondwa. Ndinawapeza atagwira tsaya.

"Mukuganiza kuti ndalama za apongozi anu zili m'chipinda chimenechi?" anandifunsa, akuloza chitseko chachitsulo. "Zili m'zigafa za fodya za maesiteti, zili m'malole a anthu. Tinabwereketsa kwa zaka, pa chiwongoladzanja chakale chotsika, ndipo sitingachisinthe. Lero kuti anthu asatithawe tiziwalipira chokwera. Tikugula modula zinthu zimene tinagulitsa kale motchipa. Tsono amene tinawabwereka angabwere mawa, koma amene tinawabwereketsa adzabweza fodya akadzagulitsidwa."

Ndinawapempha kuti aitanitse ndalama zambiri ku likulu, chifukwa anthu ankangotapa, wosungitsa panalibe. Pa pepala loitanitsira pankafunika chifukwa. A Mwale anagwira cholembera nthawi yaitali, kenako analemba kuti fizi ya ana a sukulu ndi Khirisimasi. Likulu linatumiza ndalama zokwanira fizi ndi Khirisimasi.

Januwale

Mvula inali yosalekeza, msewu wa ku Mposa unasanduka phala. Chimanga m'munda chinafika m'chiuno, chobiriwira mokhumbiza, koma chosadyeka. M'mudzi mwathu moto unkayaka kamodzi pa tsiku, pena osayaka. Malipiro anga ankadyetsa makomo anayi, ndipo ankatha mwezi usanafike pakati. Ine tulo tinandithawa. Ndikakhala pansi mwendo unkangogwedezeka wokha, mpaka Asiyatu ankandiuza kuti ndikagwedezere panja.

Lachinayi lomaliza la mweziwo Che Amidu anafika pa zenera. Anaima chammbali, monga achitira munthu ndi mkamwini wake, chipewa choyera chitanyowa ndi mvula.

"Ali uli, a Banki?"

"Ndili bwino, apongozi, kaya inu?"

"Sala. Ndabwera kudzadzutsa mbiya zanga, ndalama zogona zija. Mbumba ikutha."

Ndinatsitsa mawu n'kuwauza monga anatiphunzitsira, kuti nthawi yatsala pang'ono, apirire mpaka Juni, akadzutsa lero chiwongoladzanja chonse chipita. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'maso, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Riba ija? Ndani anakuuzani kuti ndimaifuna? Ine Msilamu ndidye riba? Iyayi, bambo. Imeneyo ngakhale mukanandipatsa ndikanaisiya pa zenera pompano."

"Nanga munazigonekeranji, apongozi?"

"Inu simukudziwa kukhala mwini mbumba. Uyu wabwera, mwana wadwala. Uyu wabwera, njinga yathyoka. Ndikanena kuti ndilibe, ndanama. Koma ndikanena kuti zagona, a Banki akana, ndanena zoona, ndipo munthu amabwerera wosakwiya. Basi n'zimenezo."

Ndinaganiza za maina onse a m'mulu wa zogona, a Che uje ndi Abiti uje, ndipo ndinadziwa kuti loko wa a Mwale sanatseke chitseko chilichonse. Anthuwo anabisa ndalama kuopa abale awo, osati kuti ankadikira phindu. Chimene chinawachedwetsa n'choti ankayesa kuti zogona sizidzutsidwa n'komwe.

Lamulo linkati wodzutsa zogona anene kukadali mlungu umodzi. Ndinawalemba dzina, ndinati abwere Lachinayi linalo. Ndinafuna kuwapempha kuti asauze munthu, koma mkamwini angatseke bwanji pakamwa pa mwini mbumba? Mawa lake linali Lachisanu. Atatuluka mu mzikiti anauza anzawo kuti kudzutsa n'kotheka, chotayika ndi riba yokha. Loweruka ndikufika kumudzi ndinapeza anthu atakhala pakhonde panga, aliyense ndi pepala lake m'manja, akuti ndiwalembe.

Febuluwale

A Mwale atamva, anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Sanandikalipire. Anaimba lamya ku likulu ine ndili pomwepo, ndipo ndinawamva akuzungulira ngati munthu wofuna kuwoloka mtsinje wodzaza. Anati anthu ali ndi zosowa zambiri. Anati nyengo yavuta pang'ono. Mawu enieniwo sanawatchule, poti lamya masiku amenewo inali ndi makutu ambiri. A kulikulu anayankha kuti nthambi zonse zikulira chimodzimodzi, ndalama zibwera kumapeto kwa mwezi pamodzi ndi malipiro a aphunzitsi.

Kuti bokosi la Lachinayi lilemereko, a Mwale anaimitsa ulendo wa Lolemba wa kwa Kalembo, n'kutumiza uthenga woti galimoto yawonongeka. Kwa Kalembo n'kwathu. Ndinadziwa amayi ena amene anakhala pansi pa mtengo tsiku lonse ndi timabuku tawo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ngakhale zinatero, titawerenga, bokosilo silinkafika pa zimene zinkafunika.

"Zikatha mutseke zenera, munene kuti nthawi yatha," anatero a Mwale. "Koma musanene kuti ndalama zatha. Mawu amenewo akafika ku Liwonde madzulo, mawa ku Balaka kuno atithyolera chitseko. Ndipo ine ndi inu akatifunsa kumene anthu sabwerako msanga."

Asiyatu anali atandiuza kale zake Lamulungu ndikukwera njinga. Sanakweze mawu. "Mjomba anasungitsa chifukwa cha inu. Akabwerako chimanjamanja, ine m'mudzi muno ndidzayang'ana kuti? Inu muli ndi kwanu kothawira."

Lachinayi tinafika pa boma mzere utazungulira kale mtengo mpaka kumsewu wa ku Zomba. Depoti ya boma inali yotseka, chimanga chinatha. Kutsidya kwa msewu kunali lole ya a Matewere, wamalonda wa ku Liwonde amene ankapikula chimanga kumapiri a ku Ntcheu. Mkazi wawo anali pa sikelo, ndipo mtengo wake unali woti munthu ankayamba wafunsanso, kuyesa kuti sanamve bwino. A Matewere sankasungitsa ndalama kwa ife. Ankati banki ndi ya anthu opanda mutu wa malonda.

Che Amidu anabwera m'mawa, koma anakhala pa muzu wa mtengo n'kumauza amayi amasiye kuti atsogole. Ine ndinkalipira pang'onopang'ono, kuwerenga kawiri, kufunsa munthu za kumudzi kwawo, kungoti dzuwa lipendeke. Aliyense wolandira ankangowoloka msewu kupita ku lole. Dzuwa lili paliwombo ndinapisa dzanja m'bokosi n'kukhudza chitsulo. Kunja kunatsala anthu oposa amene ndinawalipira, ndipo Che Amidu anali ataimirira, akukonza chipewa.

"Tsekani, achimwene," ananong'ona a Sajeni. "Anthu awa maso awo sakundisangalatsa."

Ndinagwira kazenera kaja. Ndinasowa mtengo wogwira. Kutseka kunali kusamuka ku Mposa, kusatseka kunali kuyasamula pamaso pa anthu ndilibe chowapatsa. Pamenepo wina anagogoda chitseko cha kumbuyo kwa galimoto. Anali a Matewere, atakumbatira thumba la ufa lomanga pakamwa.

"Bwana kalaliki, tikambe pang'ono." Analowa osadikira kuloledwa, nakhala pa bokosi langa. "Thumba ili landilemera. Kubwerera nalo ku Liwonde, anthu ali ndi maso otere, n'kudziputira. Ndaona chikalata chanu pa galimotopa. Ndikufuna kuzigoneka."

Anamasula. Ndalamazo zinali zotuwa ndi gaga, koma ndinazizindikira. Pomanga mitolo ku ofesi ndinkaika kachizindikiro ka pensulo pa ndalama ya pamwamba. Tizizindikiro tanga tinali m'thumba la a Matewere. Zinali zomwe zija ndinalipira m'mawa.

"Koma osati pa mtengo wa pachikalata," anapitiriza. "Ndikudziwa kuti amaesiteti mumawapatsa wina wapadera. Ndikufuna umenewo."

"Umenewo amavomereza ndi bwana ku Balaka. Ine ndilibe mphamvu."

Anagogoda bokosi ndi chidendene, likulira ngati chitini. "Ndiye tidikire bwanayo," anatero akumwetulira, n'kuyamba kumanganso thumba.

Ndinkadziwa bwino chimene ndinkachita. Pa mtengo umenewo banki ikanawalipira a Matewere zoposa zimene inkalandira kwa amene inawabwereketsa, chaka chathunthu, ndipo dzina la pansi pa pepalalo likanakhala langa. Ndinayang'ana pa zenera. Che Amidu anali atafika, ataima chammbali, akudikira mwaulemu. Ndinatenga cholembera n'kusaina.

Ndinawalipira Che Amidu ndi ndalama za gaga zomwezo. Anati sikomo, anawoloka msewu, nazipereka kwa mkazi wa a Matewere. Madzulo asanafike a Matewere anagogodanso kawiri, thumba litadzazanso, ndipo ine ndinkalandira kumbuyo n'kumalipira kutsogolo. Palibe amene anabwerera chimanjamanja tsiku limenelo. Pobwerera ku Balaka dalaivala ankaimba nyimbo, koma ine ndinkangoyang'ana mapepala amene ndinasaina aja.

Malichi

Maungu anayamba kupsa, ana anayamba kuba chimanga chachiwisi m'minda ya amayi awo, ndipo m'mudzi munamvekanso phokoso. Ndalama za ku Joni za Che Amidu, zimene ankafuna kufolera nazo malata, zinagula matumba amene anafikitsa mbumba yonse pa chimanga chatsopano. M'mbumba imeneyo sitinaike munthu chaka chimenecho. Koma pa mtengo wa ku depoti ndalama zomwezo zikanadyetsa mudzi wonse, ndipo zimenezi zinkandidya ndikaona lole ya a Matewere ikudutsa ndi matayala atsopano.

A Mwale anawerenga mapepala aja kawiri, kenako anasaina pansi pa dzina langa. "Mwagula madzi pa mtengo wa mafuta, a Likoswe," anatero. "Koma nyumba ikamapsa munthu safunsa mtengo wa madzi. Tikayankhira limodzi." Ndimawalemekeza bambo amene uja mpaka lero.

A kulikulu sanaone choncho. Anabwera awiri ovala mataye, anakhala masiku angapo akutembenuza mapepala. Anapeza kuti ulendo wa ku Machinga unataya ndalama zotchipa za anthu ambiri n'kutsala ndi zodula za munthu mmodzi. Sanafunse chifukwa chake anthu anadzutsa ndalama zawo, ndipo ife sitinawauze. Anathetsa ulendowo. A Mwale anawasamutsira kutali, ine anandichotsa pa galimoto n'kundiika kuchipinda cha kumbuyo, kosaonana ndi anthu.

Meyi

Chaka chimenecho kunali dzinthu. Nkhokwe zinamangidwa zatsopano, mpunga ku dambo unachita kugwa ndi kulemera, ndipo mtengo wa chimanga unatsika mpaka ogulitsa ankachita kukuitana. Ndinamva kuti Lachinayi anthu ankapitabe pa boma ndi ndalama za mpunga, n'kukhala pansi pa mtengo uja mpaka dzuwa kupendeka. Ndinayamba kuchita manyazi kupita kumudzi. Ndinkafika mochedwa, n'kunyamuka m'mamawa, kuopa kufunsidwa kumene banki yanga yapita.

Lamulungu lina Che Amidu anandipeza ndikupopa njinga. Asiyatu anawayalira mkeka, iye n'kukakhala pakhomo. Anafunsa za ntchito, ndinawauza zonse, kuti galimoto sidzabweranso, kuti ine pa zenera anandichotsa. Ankangogwedeza mutu. Kenako anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kampango komanga, nakaika pa mkeka pakati pathu.

"Za mpunga izi. Mukazisunge ku Balaka konko. Anzanga ena abwera madzulo ndi zawo."

"Apongozi, iyayi. Munaona nokha mmene zinalili. Tsiku lija bokosi linauma. Zimene munalandira zinali za a Matewere, zomwe anakudulani nazo pakhosi."

"Ndinaona. Ndalama zonunkha gaga ndingazisowe? Ndinaonanso kuti zenera simunatseke."

"Koma banki ndi ya eni ake, si yanga. Nanga tsiku lina ikadzakana?"

Anadzuka, anakutumula mkanjo, navala nsapato zawo mosafulumira. Kampango kaja anakasiya pomwepo.

"Banki ya ku Balaka ife sitikuidziwa kumene imagona," anatero. "Koma inu timakudziwani. Mumagona kuseri kwa nyumba yanga."